Kapu ya Achimwene Cleophus

Kwinakwake kunyanja, 12 Malichi 1944

Okondedwa Amayi ndi mlongo wanga Ozella,

Muli bwanji kumeneko kuchilumba kwathu ku Pelot? Ine ndili bwino, tatuluka pansi pa madzi dzana. Ozella, Namanyazi wanga, uwawerengere Amayi kalatayi mokweza, osati kung'ung'udza ngati ukupemphera.

Dzina la sitima yathu ndi malo amene tili sindingalembe. Pali mzungu wina amene amawerenga makalata athu lumo lili m'manja. Chimene ndinganene n'chakuti takhala masiku makumi asanu osaliona dzuwa. M'sitima yapansi pa madzi mulibe zenera. Tonse timanunkha mafuta a injini, ndi buledi yemwe. Ntchito yanga ndi yomwe ija: kuyala tebulo la maofesala, kuwaperekera chakudya, kuwayalira mabedi, ndi khofi wosatha. Akuda tilimo awiri okha mwa amuna makumi asanu ndi atatu. Koma muno n'mothina moti mzungu alibe kothawira, amagona mapazi ake ali pamphuno panga.

Mnzangayo ndi Elzie Tarver wa ku Texas. Ine wamfupi wonenepa, iye wamtali ngati nsungwi, koma mlembi wa m'sitima wanditchula Tarver kanayi konse. Ena savutika n'komwe ndi mayina, amangokuwa kuti, "Woperekera!" Amene ali pafupi ndiye amathamanga.

Elzie ndi waulemu mpaka kutopetsa. Khomo la chipinda cha maofesala ndi nsalu chabe, koma iye amagogoda katatu pachitsulo cha m'mbali asanalowe. Ndimamufunsa, "Abusa inu, mukugogoda nsalu?" Amangoti, "Ndinakulira m'nyumba za eni, Cleo. Sindilowa ndisanaitanidwe." Anakulira kunyumba ya ana amasiye. Thumba la makalata likafika, iye amapita kukapukuta masipuni oyera kale. Ndiye ndimamuwerengera ako, Ozella. Wapempha kuti umufotokozere mmene kwathu kumaonekera, chifukwa akuti ine ndimanama.

Nditumizireni maswiti a chitowe. Kapu yanga ya mzere wabuluu ikadali pamsomali wake pakhonde? Musawabwereke a Dikoni Bligen, amamwa ngati ng'ombe.

Ndine mwana wanu,
Cleophus Mungin


Pelot, South Carolina, 23 Epulo 1944

Okondedwa Achimwene,

Kalata yanu tinailandira Lachinayi. Ndinaiwerenga mokweza monga munanenera, Amayi anati ndibwereze katatu. Ife tili bwino kupatula mawondo a Amayi. Ine ndikadali kufakitale yosenda nkhono za m'nyanja, manja ali ndi mabala okhaokha, ndiye mukhululuke zilembozi. Maswiti ndatumiza. Mugawane, musamalize nokha monga mumachitira.

Kapu yanu ili pomwe munaisiya. Palibe amamwera. Amayi amaipukuta fumbi Loweruka lililonse.

Ine sindidziwa kulembera anthu achilendo. Izi muwawerengere ndinu anzanuwo.

A Tarver, mukatsika bwato padoko lathu mutsate njira ya zigoba zoyera za nkhono. Mudutsa nyumba ya mapemphero kumanzere. Kenako pali mtengo waukulu wa ndere zotuwa zolendewera ngati ndevu, umene nthambi yake imodzi inagwa pansi n'kumeranso. Pamenepo mukhotere kumanja, cha kudambo. Nyumba yathu ndi yomaliza. Ili ndi chitseko chabuluu ndi masitepe atatu, lapakati limalira. Kuseri kuli munda wa therere. Si nyumba yokongola. Nkhondo ikatha mudzabwere. Mudzakhala pampando, khofi adzakuperekerani ndi ena. Mudzamwera m'kapu ya achimwene, iwo adzamwere m'chitini.

Achimwene, musandiseke.

Ndine mlongo wanu,
Ozella


Kwinakwake kumtunda, 9 Julayi 1944

Amayi ndi Namanyazi,

Moni nonse. Tabwerakonso amoyo. Ozella, wampengetsa mwana wa eni! Tsamba lako lija wandilanda, amayenda nalo m'thumba la malaya. Ine kumwera m'chitini m'nyumba ya bambo anga? Tidzaonana.

Ulendo uno tsiku lina adani anatipeza. Mabomba anatigwedeza kuyambira m'mawa mpaka madzulo, magetsi atazima, mbale zikusweka. Ena akupemphera, ena akutukwana. Elzie anali pambali panga akunong'ona, ndinkayesa ndi Salimo. Nditatchera khutu ndinamva, "Njira ya zigoba zoyera. Nyumba ya mapemphero kumanzere. Mtengo wa ndevu." Akafika pachitseko chabuluu ankayambiranso kudoko. Ndinati, "Bwanji osalowa, ukhale pansi?" Anati, "Sindinamve wondiyankha."

Tsopano amutsitsa. Akhala kumtunda ndi gulu lokonza masitima kuti apume ulendo umodzi. Pamalo pake atipatsa woperekera wina. Ine tinyamukanso posachedwa. Musadandaule mukaona zii, makalata sayenda pansi pa madzi.

Cleophus


Pelot, 18 Seputembala 1944

Okondedwa Azakhali a Zenobia,

Ndikhulupirira muli bwino ku Philadelphia. Ine ndilibe mawu abwino. Lachisanu kunabwera telegalamu ya boma. Akuti sitima ya achimwene yapitirira nthawi yake yobwerera, ndipo akuiyesa yotayika ndi onse anali m'menemo. Dzina lawo lili pamndandanda.

Pali zinanso zimene sindinauze munthu wakunja. Zinayamba telegalamu isanabwere, pa 11 Ogasiti. M'mawa ndikusesa pakhonde ndinaona kapu ya achimwene ikudontha. Inali pamsomali, yodzaza mpaka m'milomo. Mvula inali isanagwe sabata yonse. Ndinaviika chala n'kulawa. Anali madzi amchere, ozizira ngati a m'nyengo ya chisanu. Ndinawataya, ndinaipukuta. M'mawa mwake inadzazanso. Mpaka lero.

Kenako kunayamba kugogoda. Kumachitika masana dzuwa lili paliwombo, tikamakhala patebulo. Sitepe lapakati limalira, ndiye timamva katatu pachitseko, pang'onopang'ono. Ndikasuzumira pazenera palibe munthu. Pamasitepe pamakhala ponyowa, ndipo pakhonde ponse pamanunkha mafuta a injini. Galu wathu sauwa. Amangoyang'ana m'mwamba ngati akuona munthu wamtali, n'kulowa kunsi kwa nyumba.

A Dikoni Bligen anabwera dzulo. Anati, "Mayi Mungin, mwana wanu wafika, akufuna malo ogona. Tikumbe."

Amayi anati, "A Dikoni, mwana ameneyo ndinabereka ndine. Chibadwire sanagogodepo pakhomo pano. Amakankha ndi phazi akufunsa za mphika. Uyu si wanga."

"Imfa imaphunzitsa ulemu, mayi."

"Cleophus ngakhale imfa singamuphunzitse."

Azakhali, ine ndichite chiyani? Amayi sakudya. Amakhala moyang'ana chitseko.

Ndine mwana wanu,
Ozella


Philadelphia, 28 Seputembala 1944

Ozella mwana wa mchimwene wanga,

Ndalira mpaka akazi a nyumba yoyandikana andigogodera khoma. Koma kulira sikugoneka munthu. Amayi ako mutu wawo unali wouma kuyambira tsiku limene anakwatiwa m'banja mwathu, ndiye mvera ine.

Boma silitumiza telegalamu pofuna kuseka. Mwanayo wapita, ndipo ali ndi ludzu. Akugogoda chifukwa chitseko ndi chabuluu. Bambo ako anachipaka utoto umenewo kuti akufa asadutsepo, waiwala? Mwambo ukuudziwa. Chimene munthu anamwera komaliza pakhomo pake timakachiswera pamanda ake, kuti asabwerenso kudzachifuna. Thupi kulibe, inde, koma agogo ako aamuna anamira ndi bwato lawo ndipo tinawakumbira, tinaika malaya awo, tinaswa mbale yawo. Anabweranso? Ayi. Mukamusiya akuyendayenda chonchi, atopa kudikira pakhonde, ndipo adzatenga womuperekeza. Ukuganiza kuti adzatenga ndani, amayi ako akuonda chonchi?

Ndawalembera a Dikoni. Mwambowu tichita Lamlungu pa 29 Okutobala, ndibwera pa sitima ya pamtunda. Kapu udzanyamula ndiwe, chifukwa amayi ako manja awo sangalole. Ndipo usadzaime pamenepo ngati chitsa, maso ali ku zala zakuphazi. Uli ndi zaka makumi awiri, pakamwa unapatsidwa.

Undikonzere mpunga wofiira. Wa kuno ndi phala la odwala.

Azakhali ako,
Zenobia


Pelot, 30 Okutobala 1944

Achimwene,

Kalatayi sindikudziwa koitumiza. Ziwiri zimene ndinakulemberani mu Ogasiti zinabwerera zosatsegula. Koma ndazolowera kukuuzani zinthu, ndiye ndilemba basi.

Dzulo tinapita kumanda a kudambo. Anali atakumba kale pafupi ndi Abambo, kumutu kuli kumadzulo. A Dikoni analemba dzina lanu pathabwa ndi utoto woyera. M'bokosi anaikamo malaya anu a kutchalitchi. Chilumba chonse chinabwera. Amayi anakana kuchoka pakhomo. Ndisananyamuke anandigwira dzanja nati, "Ozella, kuswa kapu ya munthu wamoyo ndi kumupha. Ngati ali kwinakwake akupuma, mpweya wake uthera m'manja mwako." Azakhali anali pamasitepe akuti, "Ukapanda kuiswa upha amayi ako. Tiye!"

Ndinainyamula ndi manja awiri. Inali ndi madzi ake a m'mawa, sindinawataye. Njira yonse ndinkaganiza za kugogoda kuja. Mukanakhala inu, bwenzi mutayesa kuseri, chitseko cha kukhitchini chilibe utoto. Mumadziwa kuti loko wake ndi wothyoka, munamuthyola ndinu. Koma ameneyu masiku makumi asanu ndi atatu wakhala akubwera kumaso kokha, ngati munthu amene anangouzidwa njira imodzi.

Anaimba. A Dikoni anapemphera nthawi yaitali. Kenako anandipatsa mwala nati, "Iswa, mwana wanga."

Sindinayankhulepo pagulu chibadwire, mukudziwa. Ndinati, "Ayi."

A Dikoni anati, "Wati chiyani? Kweza mawu."

Ndinati, "Ndati ayi. Achimwene sagogoda."

Azakhali anakuwa, "Ambuye wanga! Zaka makumi awiri ali duu, lero wasankha kutsegula pakamwa pamaliro!" Anafuna kundilanda. Ndinaika kapu m'kati mwa diresi pachifuwa, madzi onse ananditayikira. Anali ozizira moti ndinalephera kupuma. Ndinathawa nayo mpaka kunyumba.

Tsopano dzenje lili chitsegukire, angoyalapo matabwa. Anthu akuti dzenje lokumba silikhala lopanda mwini. Kufakitale lero palibe amene anakhala pafupi nane. Azakhali sakundilankhula, amauza mphaka zimene akufuna kundiuza. Amayi adya therere pang'ono.

Masana ano wagogodanso. Achimwene, ngati ndinu, mundikhululukire. Ngati si inu, muli kuti?

Ozella


Chipatala cha asilikali, 9 Okutobala 1944

Amayi! Ozella!

Ndili moyo. Ndine Cleophus, ndili moyo, werenga mzere umenewu kawiri. Kalatayi ndampatsa mnzanga wophika wa padoko amene akubwerera kwawo wopanda mwendo, akaiponya ku San Francisco. Zinayi zimene ndinalemba kale sizinadutse kwa wa lumo uja. Akuti munthu wakufa salemba makalata.

Tsiku lonyamuka, kutatsala ola limodzi, ndinali kukweza zakudya m'sitima. Chidebe cha mafuta otentha a m'khitchini chinandikhuthukira pamikono ndi pachifuwa. Elzie anali padoko akutithandiza kunyamula. Anandibereka kumsana mpaka pagalimoto ya chipatala, n'kundifunditsa jekete lake chifukwa ndinkanjenjemera. Kaputeni sakanachoka ndi woperekera mmodzi. Anauza Elzie kuti, "Iwe, ukuidziwa sitimayi, lowa." Elzie anati, "Chabwino, bwana." Wophikayu anali pomwepo. Akuti anamva mlembi akunena kuti, "Wakuda mmodzi watsika, wakuda mmodzi wakwera. Chiwerengero n'chomwecho. Pepala ndikonza tikabwerako."

Sanabwereko.

Ine mabala anavunda, malungo anandigwira, milungu yambiri sindinkadzidziwa. Nditatsitsimuka ndinapeza pabedi panga palembedwa TARVER, chifukwa ndi dzina limene linali pajekete. Ndinawauza kuti ndine Mungin. Dokotala anayang'ana m'mabuku nati, "Mungin anamira ndi sitima yake. Malungo akusokoneza mutu." Ndinati, "Bwana, Tarver ndi wamtali kundiposa ndi mutu wonse!" Anati, "Gona, Tarver."

Ndiye m'mawa uliwonse akaitana mayina ndimavomera dzina la mnzanga. Ndikapanda kuvomera sindilandira chakudya. Ansembe a pano ayamba kundikhulupirira, alembera akuluakulu, koma akuti zitenga nthawi.

Amayi, ndikudziwa kuti telegalamu inabwera kwa inu. Ya Elzie sinapite kulikonse. Boma likuti ali moyo, ndipo ngakhale likanadziwa, lilibe woti limuuze. Palibe amene wamulira. Ndimamulota ataima ndi thireyi m'manja kutsogolo kwa nsalu ija, madzi akumufika m'chiuno, akudikira kuti wina amuyankhe.

Chonde musandikumbire. Musaswe kapu yanga.

Mwana wanu wamoyo,
Cleophus


Pelot, 6 Novembala 1944

Okondedwa Achimwene,

Kalata yanu inafika Lachinayi, patatha masiku anayi chichokereni kumanda. Yanga ya pa 30 Okutobala ndaiika momwemu kuti mudziwe zonse. Mikono ikupola? Mukudya?

Ndinawerenga mzere woyamba wokha, Amayi anagwa pampando. Azakhali anandilanda pepala, anawerenga okha. Atamaliza anavula magalasi nati, "Mlamu, mutu wanu woumawo Mulungu audalitse." Kenako anandiyang'ana ine nati, "Nanga wa pakhondeyu ndi ndani?"

Sindinafune kunena. Ndinatenga makalata anu akale n'kuwawerengera za nsalu ija, ndi za njira ya zigoba zoyera. Ndinawauza zimene ndinalemba mu Epulo. Amayi anati, "Ndiye unamuitana ndiwe, mwana wanga. Miyezi itatu mlendo ali pakhomo, ife osamuyankha. Manyazi ake!"

Lachisanu sindinapite kufakitale. Ndinayala nsalu ya Khirisimasi patebulo. Ndinatsuka kapu yanu, ndinaphika khofi, ndinaika maswiti a chitowe m'mbale. Azakhali anavala chipewa chawo cha kutchalitchi, anakhala pakona Baibulo lili pamiyendo. Anati, "Akalowa ine ndikomoka, mundigwire."

Dzuwa litafika paliwombo sitepe lapakati linalira. Tinamva katatu.

Ndinatsegula chitseko chonse. Panalibe munthu, kunali kuwala kokha ndi fungo la mafuta lija. Ndinati, "Lowani, a Tarver. Takulandirani. Ndine Ozella."

Sindinaone kanthu, Achimwene, sindinama. Koma m'nyumba munazizira, ndipo pathabwa la pakhomo panaoneka ponyowa, kenako patsogolo pake, mpaka patebulo. Madonthowo sanapite pampando. Anakaima kumbuyo kwa mpando wa Amayi, cha kumanzere, pamene mumaima inu mukamatisonyeza mmene mumaperekera kwa maofesala.

Amayi anati, "Ayi, mwana wanga. Muno suimirira. Khala pansi."

Ndinakoka mpando wa Abambo. Ndinathira khofi, wina anatayikira pansalu. Ndinati pepani. Tinakhala choncho mpaka khofi anasiya kufuka. Azakhali sanakomoke. Anayamba nyimbo chapansipansi, Amayi anawalandira. Nditakhudza mpandowo pambuyo pake unali wonyowa.

Dzulo Lamlungu tinabwerera kumanda. A Dikoni anapala dzina lanu pathabwa ndi mpeni n'kulemba ELZIE TARVER. Anang'ung'udza kuti manda amenewa ndi a anthu obadwira pachilumba. Amayi anati, "Anabereka mwana wanga kumsana. Ndi wobadwira m'nyumba mwanga." Malaya anu tinachotsamo, musaope. Tinalibe chake chilichonse, ndiye m'bokosi ndinaikamo nsalu ya patebulo ija, ndi tsamba lina limene ndinalembanso njira yonse, kuyambira kudoko. Ndinawonjezera mzere umodzi kumapeto. Umenewo sindikuuzani.

Munati tisaswe kapu yanu. Mundikhululukire, ndinaiswa. Womwera komaliza sanali inu. Inasweka ndi kumenya kumodzi, zidutswa ndinaziyala pamwamba pa dothi, mzere wabuluu ukuoneka.

M'mawa uno msomali unali wouma. Masana tinakhala patebulo osadya, tikumvetsera. Kunali zii. Galu anagona pasitepe lapakati. Ndinkayesa ndisangalala, koma ndinapita kumunda wa therere kukalira pang'ono.

A Dikoni alembera boma kuti Tarver ali nafe kuno, ndipo amene ali kuchipatalayo ndi wathu. Kaya amva. Mpaka atamva, mukavomera dzina lake m'mawa, muzivomera mwaulemu.

Azakhali anyamuka mawa. Akuti ndikuuzeni kuti mudzamwera m'chitini, monga ndinanenera.

Amayi akuti mubwere msanga. Ndipo mukafika, Achimwene, chonde musadzagogode.

Ndine mlongo wanu,
Ozella